Kuchoka pa bedi la wodwala kukakhala inchaji kapena metroni: ntchito imasintha bwanji

Tsiku limene ndinakhala inchaji wa wodi, ndiye kuti woyang'anira anamwino onse a mu wodimo, panalibe mwambo uliwonse, a metroni anangondiitana mu ofesi mwawo titangomaliza kupatsirana odwala m'mawa, n'kunena kuti sisita amene amayang'anira wodi yathu akupita ku sukulu ndiye kuyambira Lolemba muziona ndinu. Anandipatsa makiyi, buku la rosita losonyeza amene agwire ntchito liti, ndi faelo ya maoda a mankhwala, basi. Ndinatuluka mu ofesi muja makiyi ali m'thumba la yunifomu akulemera ngati mwala, ndipo Lolemba lake m'mawa anthu omwe aja timadya nawo chimanga chootcha pa naiti anangoti zii nditalowa mu duty room. Ndikamacheza ndi anzanga a m'zipatala zina, za boma kaya za mishoni, nkhani yake imakhala yofanana, umagona uli nesi wamba n'kudzuka uli bwana popanda wokuphunzitsa ubwanawo.

Ambiri timaulakalaka udindo umenewu tikadali ku koleji, timaona a metroni akudutsa m'khonde aliyense akukonza kolala ndiye mumtima timati tsiku lina ndidzakhala ine. Chimene sitidziwa n'chakuti kuyang'anira anamwino ndi ntchito ina, yosiyana ndi unamwino umene tinakhoza mayeso ake. Amene amasankhidwa nthawi zambiri ndi uja wa manja abwino, amene amapeza mtsempha wa mwana wouma ndi kutsegula m'mimba kamodzi kokha, amene amangomuona mayi pa bedi n'kudziwa kuti uyu wayamba kutaya magazi asanamuyeze n'komwe BP. Ndipo n'zomveka kusankha ameneyo. Koma manja abwinowo sakuuza momwe ungagawire anthu ochepa pa mashifiti a mwezi wonse, sakuuza chonena kwa mnzako amene wabwera ku ntchito akununkha mowa, sakuuza momwe ungalimbire mu miting'i kuti wodi yako ipatsidwe magolovesi. Odwala ukuwasamalirabe, koma tsopano ukuwasamalira ndi manja a anthu ena, ndipo apa ndi pamene ambiri timapunthwa.

Tiyambe ndi makwerero ake chifukwa anthu amasokoneza. Kuno ku Malawi anamwino ambiri amene mumawapeza m'mahelufu senta ndi m'mawodi ndi ma Nurse Midwife Technician, aja timangoti ma NMT, amaphunzira zaka 3 m'makoleji a CHAM, bungwe la zipatala za mishoni, monga Nkhoma, Ekwendeni, Malamulo, Mulanje Mission, Trinity ku Muona, Holy Family ku Phalombe, St Joseph's ku Nguludi, St Luke's ku Malosa, komanso ku Malawi College of Health Sciences. Kenako pali ma registered, ambiri a digiri ya zaka 4, ochokera ku Kamuzu College of Nursing imene inatsegulidwa mu 1979 ndipo pano inaphatikizana ndi College of Medicine kukhala Kamuzu University of Health Sciences, KUHeS, kuyambira 2021, ena ku Mzuzu University, ena ku Daeyang. Onsewa laisensi yawo imachokera ku Nurses and Midwives Council of Malawi. Tsono maudindo a utsogoleri m'boma, kuyambira Nursing Officer, Senior, Principal, Chief, mpaka Director of Nursing and Midwifery Services ku likulu la unduna, amayenda ndi mapepala a u registered. NMT akhoza kukhala zaka 20 pa ntchito, akhoza kumadziwa wodi kuposa aliyense, koma popanda kubwerera ku sukulu kukapanga apuguledi pali denga limene sangaliboole. Ngati ndinu NMT ndipo mtima wanu uli pa utsogoleri, nkhani ya sukulu musaiike kumapeto, yambani kufunsa lero za mndandanda wa opita ku sukulu pa chipatala panu ndi zimene makoleji akufuna.

China chofunika kumvetsa, u inchaji kawirikawiri si giredi, ndi ntchito yongopatsidwa ndi akuluakulu a pa chipatala. Mukhoza kukhala inchaji zaka zitatu malipiro ali omwe aja, chifukwa kukwezedwa giredi kumadikira kuti pakhale malo opanda munthu pa ndondomeko ya maudindo, alengeze, mulembe kalata, mukapange intaviyu ku komishoni yolemba anthu ntchito. Ndiye ena amati bwanji ndivutikirenji zaulere. Ine ndimati musakane msanga, chifukwa pa intaviyu paja mafunso ake ndi omwewa, munathetsapo bwanji mkangano pakati pa antchito, mankhwala atatha munatani, ndipo amene anagwirapo makiyi amayankha za zimene anaziona ndi maso pomwe winayo akuyankha za m'buku. Koma pemphani kalata yosonyeza kuti mwapatsidwa udindowo, muisunge mu faelo yanu, mawu a pakamwa amaiwalika a metroni akasamutsidwa.

Mwina mumadabwa kuti bwanji m'zipatala zathu muli ma inchaji achichepere chonchi, mtsikana wangomaliza digiri chaka chatha akuyang'anira amayi oti akanatha kumubereka. Zili ndi mbiri yake. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000 ma registered ambiri odziwa ntchito anapita kunja makamaka ku UK, ena analowa m'mabungwe, ena anatisiya ndi matenda a Edzi nthawi imene ma ARV anali asanafalikire. Zinafika poipa moti mu 2004 boma ndi othandiza monga DFID ya boma la UK ndi Global Fund anayambitsa pulogalamu yapadera ya ogwira ntchito zaumoyo, anawonjezera 52 peresenti pa malipiro a magulu angapo kuphatikizapo anamwino ndipo makoleji anayamba kutenga ophunzira ambiri. Zinathandiza ndithu, koma pakati panatsala mpata, achinyamata ambiri pansi, akuluakulu ochepa pamwamba, oti akugwire dzanja n'kukuonetsa njira osakwanira. Nthawi yomweyo amayi anayamba kubwera ambiri kudzachirira ku chipatala, kafukufuku wa 2015-16 anapeza kuti amayi oposa 90 pa 100 aliwonse amaberekera ku chipatala, ndipo imfa za amayi zinatsika kuchoka pa 1,120 pa ana 100,000 obadwa amoyo mu kafukufuku wa 2000 kufika pa 439. Nkhani yabwino imeneyo, koma tanthauzo lake mu leba wodi ndi lakuti mabedi adzaza, ena ali pansi, ndipo amene akukonza kuti ndani akhale pati usiku uno ali ndi moyo wa anthu m'manja mwake ngakhale sanagwire mimba ya aliyense.

Rosita ndiye mayeso oyamba, ndipo ndikhalapo pang'ono chifukwa anthu amaiona ngati kapepala kongomata pa khoma. Tiyerekeze wodi ili ndi anamwino 10 pa pepala. Mmodzi ali ku tchuthi cha uchembere, wina ali ku sukulu, wina ali pa holide yake ya pachaka imene anaidikira kalekale, wina waitanidwa ku wekishopu ya sabata yonse, ndiye Lachitatu m'mawa foni ikulira, sisita kwathu kwagwa zovuta amalume atisiya. Mwatsala ndi anthu 5, ndipo wodi siitseka, usana ndi usiku, Loweruka ndi Lamulungu lomwe. Naiti ya kwathu ndi yaitali, umalowa dzuwa lisanalowe kutuluka litakwera, ndiye amene wachoka pa naiti ayenera kupuma, simungamubwezenso masana. Komanso si nkhani ya manambala okha, simungaike ongoyamba kumene awiri pa naiti imodzi mu wodi ya ana nthawi ya dzinja malungo ali pachimake, pamafunika mmodzi wodziwa kuika magazi ndi kuona mwana amene akubanika. Pena mumadziwanso kuti awiri awa sayankhulana, mukawaika limodzi wodwala ndi amene avutike.

Pamenepa ndi pamene chilungamo chanu chimaonekera. Anthu amawerenga rosita kuposa momwe amawerengera china chilichonse, amadziwa amene wagwira Khirisimasi zaka ziwiri zotsatizana, amadziwa amene sagwira wikendi chifukwa ndi mnzake wa inchaji. Ine chimene chinandipulumutsa ndi kabuku kapadera, ndinkalembamo amene wagwira tsiku la holide, amene wapita ku wekishopu ndi tsiku lake, amene wapatsidwa lokamu, ndipo kabukuko kamakhala poyera aliyense atha kutsegula. Za mawekishopu musazipeputse, malipiro a namwino ndi ochepa ndiye alawansi ya masiku atatu ndi fizi ya mwana, mukamatumiza anthu omwe omwewo wodi imagawanika ndipo simudzaibwezanso. Lokamu nayo, ija yogwira shifiti yowonjezera pa tsiku lako lopuma kuti ulipidwe padera, imatseka mabowo koma ndalama zake zikachedwa miyezi ndi inuyo amene munapempha anthu kuti agwire, ndiye ndi inuyo amene muzifunsidwa m'mawa uliwonse. Musalonjeze tsiku limene simukulidziwa, auzeni zoona kuti mafomu ndinapereka pa deti lakuti ndipo ali pa ofesi yakuti.

Ndiye pali katundu. Uli nesi wamba ukatsegula kabati n'kupeza mulibe ma kanyula oikira diripu umangodandaula kuti zinthu zatha, ukakhala inchaji funso limabwera kwa iwe, zatha liti, unaoda liti, unaoda zingati. Mankhwala a m'zipatala za boma amachokera ku Central Medical Stores Trust kufika ku famase ya chipatala, kuchoka apo wodi iliyonse imaoda, ndipo oda yabwino imachokera pa kudziwa kuti pa sabata timagwiritsa ntchito zochuluka bwanji, osati kungolemba nambala yaikulu poganiza kuti adula okha. Sitoko kadi ikhale yolembedwa tsiku lomwelo. Oxytocin akhale mu filiji yoti ikugwiradi ntchito, chifukwa akatenthedwa mphamvu imachepa ndipo mudzazindikira mayi akutaya magazi jakisoni mutabaya kale. Magnesium sulphate akhale pafupi osati kokafunafuna mayi akukomoka. Thireyi ya imajensi ionedwe shifiti iliyonse. Kabati ya DDA, muja mumakhala mankhwala amphamvu oletsa ululu monga pethidine ndi morphine, muziwerenga anthu awiri popatsirana ntchito ndi kusaina nonse, tsiku limene botolo limodzi lidzasowe mudzamvetsa chifukwa chake, nkhani za kubedwa kwa mankhwala anthu amangidwa nazo ndipo woyamba kufunsidwa ndi wosunga makiyi.

Malipoti ndiwatchule mwachidule ngakhale amadya nthawi yambiri. Zimene timalemba m'marejista zimasonkhanitsidwa kutha kwa mwezi, kupita ku ofesi ya HMIS yosunga manambala a zaumoyo, kulowa mu pulogalamu ya pa kompyuta ya DHIS2, ndipo manambala amenewo ndi amene akuluakulu amaona pogawa anthu ndi zipangizo. Mukalowa mu miting'i n'kunena kuti tikuvutika kwambiri, aliyense akuvutika, palibe amene amve. Mukanena kuti mwezi watha tinabereketsa amayi mwakuti ndi azamba mwakuti, pa naiti mzamba mmodzi amakhala ndi amayi mwakuti, anthu amasiya kuyang'ana mafoni.

Koma chovuta kuposa zonse ndi anthu, makamaka anzako a dzulo. Ndikukumbuka amayi ena, NMT wa zaka zambiri pa ntchito, amene anandilandira ine tsiku langa loyamba mu wodi n'kundionetsa pokhala chilichonse. Nditakhala inchaji ndinaona kuti machati a naiti yawo akumakhala ndi BP ndi kutentha kwa thupi kofanana kwa odwala onse, zoonekeratu kuti zalembedwa pa desiki osati pa bedi. Ndinakhala masabata awiri ndikuzengereza, ndimati ndiyamba bwanji ine mwana wa dzulo. Tsiku lina ndinawapempha kuti atsalire pang'ono anthu atatuluka, ndinatseka chitseko, n'kuika machati patebulo, ndinati amayi, inu ndi amene munandiphunzitsa ine kuti tchati sichinama, tandithandizeni kumvetsa izi. Anakhala chete nthawi yaitali akupukuta magalasi awo ndi nsonga ya juzi. Kenako anati mwanawe, makina a BP a wodi ino anafa mwezi wathawu, usiku ndimakabwereka ku wodi ya abambo akakhala kuti sakugwiritsa ntchito, ndipo maso angawa usiku sakuonanso bwino. Zimene anachita zinali zolakwikabe, ndipo ndinawauza momveka kuti kulemba nambala yosayeza kukhoza kupha munthu ndipo zisachitikenso, ndinalembanso m'buku langa kuti takambirana. Koma makina aja anali udindo wanga, ndipo ndinali ndisakudziwa kuti anafa chifukwa masana timagwiritsa ntchito makina a madokotala aja timati ma kliniko akamayendera odwala.

Kuchokera pamenepo ndimafunsa kaye ndisanaweruze, ndipo munthu ndimamudzudzulira pambali, osati pamaso pa odwala ndi magadiyani, osatinso pa gulupu ya WhatsApp ya wodi, zimenezo zimangobala chidani. Koma kufunsa kaye sikutanthauza kulekerera. Wobwera ataledzera, wotukwana mayi amene ali pa ululu wa kubereka, wopempha ndalama kwa wodwala pa chithandizo chaulere, wothawa pa naiti kusiya wodi ndi ophunzira okha, zimenezo sizikambidwa mwa chibale. Mudziwenso malire a mphamvu zanu, inchaji sachotsa munthu ntchito, ngakhale metroni sangangodzuka n'kunena kuti usabwerenso. Pali ndondomeko, kuchenjeza pakamwa, kuchenjeza polemba, kupereka nkhani kwa a HR ndi komiti yoona za mwambo, ogwira m'boma ali ndi malamulo awo a MPSR, ndipo lamulo la ntchito la 2000 limanena kuti munthu asachotsedwe popanda chifukwa chomveka komanso asanapatsidwe mpata wodziteteza. Mukadumpha sitepe nkhani ikafika ku Industrial Relations Court wolakwa uja amawina, kubwerera mu wodi momwemo. Zokhudza kuphwanya malamulo a unamwino weniweniwo zimapita ku Council, ndipo odwala nawo pano ali ndi kokadandaula, zipatala zambiri zili ndi hospital ombudsman. Ndiye lembani chilichonse, deti, nthawi, amene analipo, zimene munagwirizana.

Ndipo mudzasungulumwa, izi ndinene poyera. Apansi amakuonani ngati wa mabwana, apamwamba amakuonani ngati woimira odandaula, gadiyani akakwiya amafuna inchaji, adokotala akapeza mankhwala sanaperekedwe amafuna inchaji, mwana wa mfumu akagonekedwa pansi chifukwa mabedi atha foni imalira kwa inchaji. Paja akuluakulu anati mutu ukakula sulewa nkhonya. Chimene chimathandiza ndi kupeza inchaji mnzanu wa wodi ina kapena metroni wopuma ntchito woti muzimuuza zakukhosi, chifukwa simungakadandaule za nesi wanu kwa nesi mnzake.

Mukakwera kufika pa metroni woyang'anira mawodi angapo, kapena District Nursing and Midwifery Officer, dziko limakulanso. Pa boma lililonse pali gulu loyendetsa zaumoyo, DHMT, mumakhala mkulu amene kale timati DHO pano akuti Director of Health and Social Services, dokotala wamkulu, mkulu wa anamwino, mkulu wa zaukhondo ndi kupewa matenda, administrator, akauntanti ndi ena. Kuchokera pa ndondomeko ya mphamvu ku anthu ya 1998 zaumoyo za m'maboma zinapita pansi pa makhonsolo, ndiye mumayenera kudziwanso kuyankhula ndi a DC, makhansala, mafumu ndi makomiti a zipatala. Apa chilankhulo chake ndi bajeti. Ndalama zoyendetsera ntchito za tsiku ndi tsiku, zija amati ORT, ndi zomwezo zogulira dizilo wa ambulansi ndi jenereta, chakudya cha odwala, kulipira madzi ndi magetsi, kukonza zowonongeka, lokamu, ndipo sizikwana. Chaka cha boma pano chimayamba pa 1 Epulo kutha pa 31 Malichi, mukachedwa kuika zofuna za anamwino mu pulani ya boma lanu nthawi yokonza, mudikira chaka china. Ndipo bajeti imavomerezedwa m'makwacha, ndiye kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023 ndalama yomwe ija inayamba kugula zochepa pomwe odwala sanachepe. Namwino amene wakhala pa tebulo limenelo osadziwa kuwerenga bajeti amangomva kuti ndalama palibe n'kubwerera, wodziwa amafunsa kuti pa mzere uwu munatsala zingati, bwanji tisachotse apa tiike pa mafuta a ambulansi ya kumahelufu senta akutali.

Pa nthawi ya kolera ya 2022 mpaka 2023, imene inapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno, kenako namondwe Freddy mu Malichi 2023 kum'mwera, zinaoneka poyera kuti utsogoleri wa anamwino ndi chiyani. Odwala ankapulumuka ndi madiripu ndi manja a anesi a m'matenti, inde, koma panali wina amene amasankha kuti achotse ndani ku wodi iti popanda kupha wodiyo, kuti madzi a diripu a Ringer's lactate atsala makatoni angati ndipo afika liti ena, kuti amene wagwira masiku asanu m'tenti apume asanagwe yekha, kuti klorini asungunulidwe mulingo woyenera. Ameneyo dzina lake silimveka, koma akalakwitsa anthu amafa ambiri nthawi imodzi.

Malo ena amene mtsogoleri amaonekera ndi pa kuunika imfa ya mayi kapena khanda. Lamulo lake ndi lakuti sitikufuna woloza chala, tikufuna kudziwa chinachitika n'chiyani kuti chisabwerezeke, ndipo timayang'ana kuchedwa kutatu, kuchedwa kuganiza zopita ku chipatala, kuchedwa pa njira, ndi kuchedwa kulandira chithandizo atafika. Kwachitatuko ndiye kwathu. N'zosavuta kutsegula faelo n'kunena kuti patogirafu, tchati cholondolera momwe leba ikuyendera, sinalembedwe maola anayi, mzamba analakwa, nkhani yatha. Mtsogoleri weniweni amapitiriza, usiku umenewo mzambayo anali ndi amayi angati, amene anamuika yekha ndani, magazi ku labu analipo, ambulansi inachedwa chifukwa chiyani, foni ya wodi inali ndi mayunitsi. Mukayamba kufunsa choncho mayankho ambiri amabwerera pa desiki panu, ndipo zimawawa, koma anthu anu akaona kuti simukuwapereka nsembe amayamba kunena zoona, ndipo popanda zoona imfa yachiwiri imabwera njira yomweyo. Ndi mzimu womwewo umene uli m'ntchito za 5S ndi Kaizen zimene zinabwera ndi thandizo la JICA, ndi matimu okonza chithandizo a QIST ndi WIT m'zipatala, kukonza kachitidwe ka ntchito osati kungosaka wolakwa.

Za sukulu ya utsogoleri, mipata ilipo, ku KUHeS kuli Master of Public Health ndi MBA ya kayendetsedwe ka zaumoyo, Malawi School of Government imaphunzitsa ogwira ntchito m'boma za kayendetsedwe ka ntchito, ndipo ma CPD, maphunziro owonjezera luso amene Council imafuna pokonzanso laisensi, mukhoza kusankha okhudza utsogoleri. Koma musadikire masitazi kuti muyambe. Pemphani inchaji wanu kuti mwezi uno rosita mupangire limodzi, lowani mu komiti yopewa kufala kwa matenda kapena ya QI yokonza chithandizo, phunzirani Excel ngakhale pa kompyuta yobwereka, phunzirani kulemba memo ya tsamba limodzi yomveka, khalani nawo pa kuunika imfa ngakhale simunaitanidwe mwa dzina. Anzathu amene ali ku UK amanena kuti kumeneko makwerero ndi olembedwa bwino, band 5 nesi wa mu wodi, band 6 wachiwiri kwa woyang'anira, band 7 woyang'anira wodi, band 8 metroni, ndipo sitepe iliyonse umafunsira ndi kupanga intaviyu ndipo malipiro amasintha, koma akuti mavuto a rosita ndi kuyang'anira anzako a dzulo ndi omwewa.

Pali chinthu chimodzi chimene chimandipweteka pa dongosolo lathu. Njira yokwera ndi kulandira ndalama zochulukirapo pafupifupi yonse imadutsa mu ofesi, ndiye timatenga mzamba wabwino kwambiri kumuchotsa mu leba wodi kukamuika pa mafaelo, mwina iye sakufuna n'komwe, akungofuna malipiro oti aphunzitsire ana. Tikutaya kawiri, wodi yataya katswiri, ofesi yapeza munthu wosasangalala. Pakufunika maudindo oti namwino wa ana, wa ICU, wa matenda a maganizo, azikwera giredi ali pa bedi pomwepo, maphunziro aukatswiri alipo kale koma malo ake pa ndondomeko ya maudindo ndi ochepa. Ndiye musanavomere dzifunseni moona mtima, kodi ndimasangalala ndikaona mnzanga wachita bwino chifukwa ndinamukonzera njira, kapena chimwemwe changa chili pogwira wodwala ndekha. Onse awiri ndi anamwino abwino, ndipo kukana udindo chifukwa mukudzidziwa si ulesi.

Amene mwavomera, musatsekeredwe mu ofesi. Ine ndinadziikira lamulo loti m'mawa uliwonse ndisanatsegule faelo ndizungulire mabedi onse, ndipo kamodzi pa mwezi ndimabwera usiku osanena, osati kudzagwira anthu akugona koma kudzaona wodi momwe imakhalira 2 koloko, kuti babu la ku bafa linapsa, kuti nesi mmodzi akuthamanga pakati pa mwana wa okosijeni ndi wina wokomoka, kuti magadiyani agona m'khonde mopanda podutsa trolley. Ndikapeza ntchito yachuluka ndimavala magolovesi n'kuika diripu, koma ndinaphunziranso kusalanda ntchito, chifukwa poyamba ndinkati ndikaona wina akuchedwa kupeza mtsempha ndimangoti tapatseni ndipange, mapeto ake iye osaphunzira ine osamaliza zanga. Pano ndimaima pambali pake, ndimati gwirani apa, tsitsani singano pang'ono, yesaninso.

Mwezi wathawu, nditakhala metroni, inali nthawi yanga yopereka makiyi kwa wina, mtsikana wa zaka zitatu pa ntchito, wakhama, wamanyazi pang'ono. Sindinafune kumupatsira pa khomo ngati momwe ndinalandirira ine. Tinakhala Lachisanu masana onse mu duty room ndi pensulo ndi labala, rosita ya mwezi wotsatira tinaifufuta kanayi, tinawerenga limodzi za mu kabati ya DDA n'kusaina, ndinamuonetsa kabuku ka maholide ndi mawekishopu, ndinamutengera ku famase ndi kwa a administrator kuti amudziwe nkhope. Lolemba pa handover ndinanena ndekha pamaso pa onse, kuphatikizapo amayi aja a magalasi, kuti kuyambira lero nkhani za wodi ino zizidzera kwa sisita awa, mukabwera kwa ine ndikubwezani kwa iwo. Lachitatu usiku cha m'ma 9 anandiimbira, anati a metroni pepani ndakusokonezani, wa naiti mmodzi mwana wake wadwala sabwera, ndaimbira awiri akana, ndipange bwanji. Ndinamufunsa kuti mu kabuku muja amene ali ndi ngongole ya shifiti ndani, anakhala chete ndikumva masamba akutembenuzidwa, kenako anati ndamupeza, ndimuimbira.